Mayileji akamathamanga, waranti imatha msanga

Wamalonda aliyense wa mumsika amadziwa kuti sikelo ikamanama pali wina amene akulira. Ikamalemeretsa katundu amalira ndi wogula, ikamapeputsa amalira ndi wogulitsa. N'chifukwa chake a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo ndi mapampu a mafuta n'kumaika chidindo pa amene akuyeza bwino.

Koma pali sikelo ina imene amalonda ambiri amaikhulupirira osaiyesa n'komwe. Iyi ndi nambala ya padashibodi imene imaonetsa mtunda umene galimoto yayenda. Amakaniko amati odomita, enafe a mumsika timangomva akuti mayileji. Nambala imeneyi ndi imene imalamula tsiku la sevisi, mtengo wa hayala, mtengo wogulitsira galimoto, komanso tsiku limene waranti ithere. Kwa munthu amene watenga ngongole kubanki n'kugula galimoto yatsopano ya mipando 7 kapena minibasi yoti izinyamula matimati, kaunjika kapena anthu, odomita yothamanga imam'dyera mpamba mwakachetechete.

Zimene zinachitika ku America

Nkhani yodziwika kwambiri pa vutoli inachitika ku United States ndipo inayambira pa galimoto ya mtundu wa Honda Odyssey, yomwe ndi yonyamula banja lalikulu ngati mmene zilili Sienta, Freed ndi Noah zimene zadzaza m'misewu ya kuno. Eni ena a galimotozi anayamba kuona kuti maulendo amene ankawadziwa bwino kutalika kwake akuoneka otalikirapo pa odomita. Atayesa pa zikwangwani za mtunda za m'mbali mwa msewu anapeza kuti nambala ikukwera msanga kuposa mtunda weniweni. Nkhani inakafika kukhoti la boma ku Texas ngati mlandu wa gulu, pomwe anthu ochepa amasumira m'malo mwa onse amene akhudzidwa.

Kampani ya Honda sinavomere kuti inalakwa. Inati maodomita ake anali m'malire amene makampani opanga galimoto amatsata. Malirewo ndi a bungwe la mainjiniya la Society of Automotive Engineers, ndipo amalola odomita kupitirira kapena kuperewera ndi 4 peresenti. Kutsata malirewa n'kongofuna kampani, si lamulo. Ku America kuli lamulo la 1972 loletsa kubweza mayileji, koma kunalibe lamulo lonena kuti odomita yochokera kufakitale izikhala yolondola motani. Maodomita a Honda a nthawi imeneyo ankatha kupitirira mpaka 3.75 peresenti, pomwe kuperewera kwake sikunkaposa 1 peresenti. Odandaula anati apa ndiye pagona nkhani: cholakwikacho chinkapendekera mbali imodzi, mbali yokomera kampani.

Mbali ziwirizi zinamvana, ndipo khoti linavomereza mgwirizano wawo m'chaka cha 2007. Mgwirizanowo unakhudza galimoto pafupifupi 6 miliyoni za Honda ndi Acura zimene zinagulidwa pakati pa April 2002 ndi November 2006. Honda inawonjezera 5 peresenti pa mtunda wa waranti. Waranti imene inali ya mamailosi 36,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 58,000, inafika pa mamailosi 37,800. Amene analipira okha kugalaja galimoto itawonongeka m'kati mwa mtunda wowonjezerawo anapatsidwa mwayi woitanitsa ndalama zawo. Amene ankabwereka galimoto pa mgwirizano wokhala ndi malire a mtunda, n'kulipitsidwa chifukwa chopitirira malirewo, nawonso anabwezeredwa gawo la ndalama. Kuyambira pa galimoto za 2007 kampaniyo inasintha kachunidwe ka maodomita ake kuti asamapendekere mbali imodzi.

Mgwirizanowu unali wa galimoto zogulidwa ku America zokha ndipo nthawi yake inatha kalekale. Mwini Honda Fit kapena Freed yochokera ku Japan sangapite nawo kwa aliyense kukaitanitsa kanthu. Phunziro lake ndi limene likadali ndi ntchito: galimoto yatsopano, yosagwidwa ndi aliyense, ikhoza kukhala ndi odomita yonama pang'ono, ndipo amene anaziona anali eni galimoto wamba amene anayesa n'kusunga umboni.

Mmene odomita imawerengera

Odomita siona msewu. Imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati. Pa galimoto zakale panali kachingwe kochokera kugiyabokosi kamene kankatembenuza timagudumu ta manambala. Pa zatsopano pali masensa kugiyabokosi kapena kumatayala, amene amatumiza chiwerengerocho kukompyuta ya galimoto. Kompyutayo inauzidwa kufakitale kuti tayala likazungulira kamodzi ndiye kuti galimoto yayenda mtunda wakutiwakuti, ndipo imangochulukitsa.

Tayala lolembedwa kuti 185/65 R15, lomwe ndi lofala pa galimoto zazing'ono za mipando 7, ndi lalitali pafupifupi mamilimita 621 kuchokera pansi kufika pamwamba. Likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 95, kotero pa kilomita imodzi limazungulira maulendo oposa 500. Tayala likachepa pang'ono liyenera kuzungulira kambiri kuti limalize kilomita yomweyo. Kompyuta sidziwa kuti tayala lasintha, choncho imalemba mtunda wochuluka.

Apa n'pamene pamachokera zifukwa zambiri za odomita yonama.

Choyamba ndi saizi ya matayala. Munthu akachotsa 185/65 R15 n'kuika 185/60 R15 chifukwa ndi amene anapezeka otsika mtengo, odomita imayamba kupitirira ndi 3 peresenti. Akaika marimu a 14 ndi matayala a 175/65 R14, imapitirira ndi zoposa 6 peresenti. Akaika akulu, monga 195/65 R15, pofuna kuti galimoto ikwere pang'ono m'misewu ya kumudzi, odomita imaperewera ndi pafupifupi 2 peresenti.

Chachiwiri ndi kutha kwa matayala. Tayala latsopano limakhala ndi mizere yakuya pafupifupi mamilimita 8. Likatha n'kutsala mamilimita osakwana awiri, kutalika kwa tayala lonse kumakhala kutachepa ndi mamilimita oposa 12, zomwe ndi pafupifupi 2 peresenti. Ndiye kuti galimoto yomweyo imawerenga mosiyana matayala ali atsopano ndi pamene afika poti n'kusintha.

Chachitatu ndi mpweya wochepa ndi katundu wopitirira muyeso. Tayala lophwa pansi pa matumba a mbatata limafupika, ndipo limawonjezera pang'ono pa cholakwikacho.

Chachinayi ndi kachunidwe ka kufakitale, monga zinalili pa nkhani ya Honda ija. Galimoto imodzi imatha kutuluka ndi masaizi angapo a matayala malinga ndi dziko limene ikupita, ndipo nambala imene inaikidwa m'kompyuta siikhala yofanana ndendende ndi tayala lililonse.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Ambiri akaona kuti muvi wa liwiro ukuloza 100 pomwe foni ikuti 94, amafulumira kunena kuti odomita nayonso ikunama. Ziwirizi zimamwa pachitsime chimodzi koma zimachunidwa mosiyana. Malamulo a United Nations amene maiko ambiri opanga galimoto amatsata amaletsa muvi wa liwiro kuonetsa liwiro lochepera lenileni, koma amalola kuti upitirire mpaka 10 peresenti kuphatikizapo makilomita 4 pa ola. Galimoto imene ikuthamanga 80 ikhoza kuonetsa mpaka 92 popanda kuphwanya lamulolo. Opanga amachita dala zimenezi kuti dalaivala asapitirire liwiro mosadziwa. Choncho muvi wothamanga si umboni woti odomita ikuthamanga. Odomita imayesedwa payokha.

Kodi 4 peresenti n'chiyani pa thumba la wamalonda?

Makilomita anayi pa 100 alionse amaoneka ngati nthabwala. Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Waranti ya galimoto yatsopano imakhala ndi malire awiri, a zaka ndi a mtunda, ndipo imatha pamene chimodzi mwa ziwirizi chayamba kukwana. Yofala m'chigawo chino cha Africa ndi ya zaka zitatu kapena makilomita 100,000. Munthu wa muofesi amene amangopita kuntchito ndi kutchalitchi, zaka zitatu zimam'thera asanafike pa 100,000, ndipo kwa iye odomita yothamanga siisintha tsiku lothera waranti. Galimoto iliyonse yoyenda makilomita osapitirira 2,600 pamwezi ili m'gulu limeneli.

Wamalonda ali pena. Amene amapikula ku Lizulu kapena ku Jenda n'kumakagulitsa m'tauni kangapo pa sabata akhoza kuyenda makilomita 4,000 pamwezi, ndipo 100,000 imakwana m'miyezi 25. Ngati odomita yake ikupitirira ndi 4 peresenti, tsiku limene ikuonetsa 100,000 galimoto imakhala itayenda makilomita 96,154 okha. Wataya makilomita 3,846 a waranti, pafupifupi mwezi wathunthu wa bizinesi, kapena maulendo 6 opita ndi kubwerera pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Giyabokosi ikafa odomita ili pa 101,500, agalaja amaona nambala n'kunena kuti waranti inatha, pomwe mtunda weniweni uli pa 97,600. Ndalama ya giyabokosi imeneyo imachoka mumpamba.

Sevisi nayo imakhudzidwa. Galimoto yochitidwa sevisi pa makilomita 5,000 alionse imalowa m'galaja maulendo 20 pofika pa 100,000. Ndi odomita yothamanga chonchi, pafupifupi sevisi imodzi mwa 20 imakhala yolipirira mtunda umene galimoto sinayende. Odomita yoperewera ndiyo yoopsa kwa injini, chifukwa oyilo amakhalitsa kuposa mmene mwini wake akuganizira.

Pa mafuta, wamalonda amene wathira malita 40 n'kuona kuti odomita yayenda 520 amawerenga kuti lita imodzi ikum'patsa makilomita 13. Mtunda weniweni ndi 500, ndiye kuti lita ikupereka 12.5. Akamaika mtengo wa ulendo potengera 13, ndiye kuti akudzinamiza yekha ulendo uliwonse.

Pa hayala, amene amapindula ndi mwini galimoto ndipo amene amaluza ndi wobwereka. Tiyerekeze kuti amvana K1,000 pa kilomita. Ulendo wa makilomita 300 udzaoneka 312, ndipo wobwereka adzalipira K12,000 ya mtunda wa m'malere. Magulu a amayi amene amasonkherana kuchita hayala galimoto yokapikulira katundu angachite bwino kumvana mtengo wa ulendo wonse, kapena kuyatsa foni yoyezera mtunda ponyamuka.

Palinso nkhani ya mwini galimoto ndi dalaivala. Eni ambiri amalemba mayileji m'mawa ndi madzulo pofuna kudziwa ngati dalaivala anapatuka kukachita maganyu. Pa mwezi umene galimoto yayenda makilomita 3,000, odomita yotere idzaonetsa 3,120. Makilomita 120 amenewo akhoza kuchotsetsa ntchito munthu wosalakwa. Mwini galimoto asanaloze chala, ayambe wayesa sikelo yake.

Kuyesa kwake

Kuyesa odomita sikufuna makina a galaja. Kumafuna foni, kope, munthu wachiwiri ndi kudekha.

Poyamba mwini galimoto aone saizi yolembedwa m'mbali mwa tayala n'kuifananiza ndi imene ili pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Zikasiyana, gwero la vuto likhoza kukhala lomwelo. Apope matayala onse kufika pa muyeso wolembedwa pa kapepalako, matayala asanatenthe, ndipo galimoto ikhale yopanda katundu wolemera.

Kenako asankhe msewu wa tara wowongoka, wopanda mapiri ndi makona ambiri, wotalika makilomita osachepera 50. Mtunda waufupi sunena zoona, chifukwa kulakwitsa ndi mamita 100 pa makilomita awiri ndi 5 peresenti kale, pomwe pa makilomita 50 sikufika ngakhale theka la peresenti. Msewu wa makona ndi mitengo yambiri umasokoneza foni, chifukwa imadula makona n'kupereka mtunda wochepa, zomwe zingachititse odomita yabwino kuoneka ngati yothamanga.

Galimoto itaima poyambira, abweze pa ziro kaodomita kakang'ono kolembedwa kuti Trip, ayatse pulogalamu ya GPS yoyeza mtunda pa foni, ndipo ajambule dashibodi ndi foniyo pa chithunzi chimodzi. Foni agwire ndi mnzake, dalaivala maso pamsewu. Asapatuke kulowa pamalo othira mafuta kapena kubwerera m'mbuyo. Pofika aime n'kujambulanso. Pa misewu imene ili ndi zipilala zolembedwa makilomita, alembenso zimene odomita ikuonetsa pa chipilala choyamba ndi chomaliza kuti pakhale mboni ziwiri. Zikwangwani zikuluzikulu zonena mtunda wokafika kutauni sizithandiza, chifukwa manambala ake amakhala ongoyerekeza ndipo sizinena kuti tauniyo akuiyezera pati.

Masamu ake ndi apafupi. Achotse mtunda wa foni pa mtunda wa odomita, agawe ndi mtunda wa foni, achulukitse ndi 100. Foni ikati 50.0 ndipo odomita ikati 51.5, kusiyana ndi 1.5. Kugawa ndi 50 n'kuchulukitsa ndi 100 kukupereka 3 peresenti.

Kuyesa kamodzi sikukwanira. Abwereze pobwerera, ayesenso tsiku lina pa msewu wina, ndipo ngati n'kotheka ndi foni ina. Mayeso atatu kapena anayi akamapereka nambala yofanana, pamenepo pali nkhani yogwirika. Kusiyana kwa 1 kapena 2 peresenti n'kwachizolowezi, ndipo palibe wogulitsa amene angakuvomere ngati chilema. Pa 3 mpaka 4 peresenti, galimoto ili m'mphepete mwa malire amene makampani amatsata, koma wamalonda woyenda kwambiri ali ndi chifukwa chokwanira cholembetsera dandaulo. Kupitirira 4 peresenti pa matayala a kufakitale ndi vuto loyenera kukonzedwa.

Kukadandaula kwa wogulitsa

Nthawi yodandaula ndi pamene waranti ikadali ndi moyo. Munthu amene wadikira mpaka injini yagogoda pa 101,000 n'kuyamba kunena za odomita amaoneka ngati akufuna pothawira. Amene analembetsa dandaulo galimoto ili pa 8,000 amakhala ndi poyambira.

Dandaulo likhale lolemba. Kalatayo itchule nambala ya chasisi, tsiku logula, saizi ya matayala, masiku ndi misewu imene anayesapo, ndi zotsatira zake, pamodzi ndi zithunzi. Wogulitsa adinde kope la kalatayo kusonyeza kuti walandira. Galimoto ikalowa m'galaja, mwini wake aonetsetse kuti dandaulolo lalembedwa pa khadi la ntchito m'mawu omveka, ndipo atenge kope lake. Mawu a pakamwa akuti "zimenezo n'zabwinobwino, bwana" sathandiza pa tsiku la mlandu. Ngati akuti n'zabwinobwino, alembe choncho, atchule malire amene kampani imalola, asayine.

Zopempha zikhale zitatu. Choyamba, ayese galimoto limodzi ndi makaniko wawo pa msewu womwewo. Chachiwiri, ngati vuto lapezeka, akonze kapena asinthe chipangizocho pa waranti, popeza odomita ndi mbali ya galimoto ngati ina iliyonse. Chachitatu, ngati akuti sangakonze chifukwa ili m'malire, alembe kalata yovomera kuwonjezera mtunda wa waranti molingana ndi peresenti imene yapezeka. Imeneyi ndiyo njira imene inathetsa nkhani ya ku America, ndipo kwa wogulitsa ndi yotsika mtengo kuposa kusintha dashibodi.

Akasintha dashibodi, mayileji akale alembedwe m'buku la sevisi ndi chidindo cha galaja. Popanda zimenezi, pa tsiku logulitsa galimoto mwini wake adzaoneka ngati anabweza mayileji.

Pali zinthu zimene zimafooketsa mlandu. Kupita ndi galimoto ya waranti kwa amagetsi a m'mbali mwa msewu kuti akachune odomita kumapatsa wogulitsa chifukwa chokanira waranti yonse, popeza mabuku a waranti amachotsa galimoto imene odomita yake yaseweretsedwa. Kusintha saizi ya matayala kapena marimu kumachititsa kuti cholakwa chigwere mwini wake. Kudumphitsa sevisi pa chifukwa choti odomita ikunama n'kudzitchera msampha: mpaka wogulitsa atavomera molemba, sevisi izitsata nambala ya padashibodi. Ndi bwinonso kuwerenga zimene buku la waranti likunena pa galimoto yogwira ntchito ya hayala kapena yonyamula anthu olipira, chifukwa ena amaika malire osiyana pa galimoto za bizinesi.

Wogulitsa akakana kuyankha, ku Malawi kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission limene limalandira madandaulo a ogula pa katundu wachilema ndi malonda osocheretsa. Likugwira ntchito pansi pa lamulo latsopano la 2024 limene linalowa m'malo mwa la 1998. Kulinso bungwe loima palokha la Consumers Association of Malawi. Kulikonse kumene munthu angapite, chimene adzafunsidwe ndi mapepala: lisiti, buku la waranti, makhadi a sevisi, kalata yodindidwa ndi zithunzi za mayeso.

Nanga "yatsopano" ya ku Japan?

Amalonda ambiri akamati agula galimoto yatsopano amatanthauza yongofika kumene kudzera ku Dar es Salaam, Durban kapena Beira. Galimoto zimenezi zinagwirapo ntchito, ndipo waranti ya kampani imene zinali nayo ku Japan siwoloka nyanja. Ngati pali waranti, ndi ya wogulitsa wa kuno, kawirikawiri ya nthawi yochepa ndiponso yokhudza injini ndi giyabokosi zokha. Ikhale yolemba, yotchula miyezi, makilomita ndi mayileji a tsiku logula.

Pa galimoto zotere, vuto lalikulu si odomita yothamanga ndi 3 peresenti. Ndi odomita yobwezedwa ndi makilomita masauzande ambiri. Ya manambala a magetsi nayo imabwezeka ndi kompyuta, mwinanso mosavuta kuposa yakale ija. Chothandiza n'chakuti ku Japan galimoto ya munthu wamba imayesedwa ndi boma ikakwanitsa zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo mayileji a pa mayesowo amalembedwa. Chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo chimaonetsa mayileji amenewa ndi masiku ake. Chikalata chikati galimoto inali pa 118,000 zaka ziwiri zapitazo koma dashibodi ikuti 64,000, palibenso chofunsa. Wogula apemphe kuona chikalatachi pamodzi ndi pepala la kumsika wa okushoni, ndipo afananize nambala ya chasisi.

Galimoto nayo imadziulula. Chiwongolero chosalala ngati mpini wa khasu, labala wa mapedulo wodyeka, mpando wa dalaivala wophwa, ndi timapepala ta kusintha oyilo tomatidwa pachitseko kapena m'boneti tokhala ndi nambala yoposa ya padashibodi, zonsezi sizigwirizana ndi galimoto ya makilomita 50,000. Ndipo popeza zambiri zimasinthidwa matayala zikangofika, mayeso a makilomita 50 aja ndi ofunika kwa izonso, kuti mwini wake adziwe nambala yoona yowerengera mafuta, sevisi ndi hayala.

Zoyenera kukumbukira

Galimoto iyesedwe m'mwezi woyamba itagulidwa, ndiponso nthawi iliyonse imene yasinthidwa matayala. Peresenti imene yapezeka ilembedwe pa tsamba loyamba la kope la bizinesi, ndipo masamu a mafuta ndi a dalaivala azitsata nambala yokonzedwayo.

Pogula matayala, wamalonda atchule manambala onse atatu a saizi, osati a rimu okha. Matayala awiri a rimu 15 akhoza kusiyana kutalika ndi masentimita atatu.

Galimoto ya waranti ikamayandikira malire a mtunda, ilowe m'galaja kukadali makilomita 5,000, ndipo kaphokoso kalikonse, kudontha kwa oyilo kapena kuchedwa kwa magiya kulembedwe pa khadi la ntchito. Vuto limene linalembedwa waranti isanathe limakhala ndi pokambira ngakhale nambala itadutsa.

Wamalonda salandira thumba la chimanga asanaliike pasikelo yake. Galimoto imene yadya mpamba wa zaka zingapo nayo iyesedwe. Mtengo wa mayesowo ndi mafuta a makilomita 100 ndi theka la tsiku.